Si dzuwa lokha limene limasulutsa ndere

Aliyense woweta nsomba m'madamu kuno ku Mangochi amaudziwa mwezi wa Okutobala. Mwera umakhala utaleka kalekale, dzuwa likuswa mtengo, madzi ali zii osagwedezeka. Damu limene mlimi wakhala akulithira manyowa kuti libiriwire limayamba kuunjika ndere pamwamba, ndipo bata likapitirira masiku angapo ndere zoyandamazo zimasintha maonekedwe. Zinali biriwiri, zimayamba chikasu, kenako zimatuwa mbuu, nthawi zina m'mbali mwa damu n'kuoneka timizere ta buluu. Pamiyala ya ku Cape Maclear zimachitikanso madzi a m'nyanja akamaphwera: ndere za pamsana pa mwala zimayezuka, pomwe za kunsi kwa mwala womwewo zikadali ndi mtundu wake.

Mukafunsa amene ali pafupi akuuzani kuti dzuwa lazipsereza. Sakunama, koma nkhaniyo aisiyira panjira. Kuwala pakokha kumasulutsa ndere pang'onopang'ono kwambiri. Amene amagwira ntchito yaikulu yowononga utoto wobiriwirawo ndi okosijeni, mpweya womwe uja timati ndi wopatsa moyo. Chozunguza mutu n'chakuti okosijeniyo amapangidwa ndi ndere zomwezo, m'kati mwa maselo ake, pamalo pomwe pali utotowo.

Umboni wake suvuta kuupeza m'labotale. Mumatenga utoto wa ndere, umene akatswiri amautcha chlorophyll, n'kuusungunula mu sipiriti, kenako n'kuugawa m'mabotolo atatu. Loyamba mumalipopera mpweya wa naitirojeni mpaka okosijeni yense atatuluka, n'kulitseka ndithu. Lachiwiri mumalisiya ndi mpweya wamba. Awiriwa mumawaika padzuwa lofanana, pomwe lachitatu, lomwenso lili ndi mpweya wamba, mumalitsekera mumdima. Lachiwiri limasuluka msanga. Lopanda okosijeni lija limakhalabe lobiriwira kwa nthawi yaitali ngakhale dzuwa likuliwomba chimodzimodzi, ndipo la mumdima nalo silisintha kwenikweni. Kuwala ndi okosijeni zikakhala padera, utoto umapirira. Zikakumana pa utotopo, m'pamene umatha.

Anthu anayamba kuzindikira zimenezi kale ndithu. Mu 1900 ku Munich, wophunzira wina dzina lake Oscar Raab, amene ankagwira ntchito m'labotale ya Hermann von Tappeiner, anapeza kuti utoto wotchedwa acridine unkapha tizilombo ta m'madzi ta paramecium pakakhala kuwala, koma mumdima tinkakhala ndi moyo nthawi yaitali. Patangopita zaka zochepa zinadziwika kuti imfayo inkafunanso okosijeni. Kafukufuku amene ine ndimamuona kuti anaphwanya nkhaniyi bwinobwino ndi wa mu 1955, wa gulu la Roger Stanier ku Berkeley. Iwo anali ndi mabakiteriya amene amadya kuwala koma sapanga okosijeni, ndipo pakati pawo panali mtundu wina umene unabadwa wopanda utoto wachikasu wotchedwa carotenoid. Mabakiteriya olumalawa ankakula bwinobwino pa kuwala bola ngati panalibe okosijeni. Atangowalowetsera mpweya wamba kuwala kulipo, anafa mofulumira ndipo utoto wawo unawonongeka. Anzawo okhala ndi carotenoid sanasunthike.

Mabakiteriya amenewo angathe kuthawa okosijeni pokhala m'matope. Ndere zilibe kothawira, chifukwa kadyedwe kake komwe n'kamene kamabala mpweyawu.

Kusukulu ana amaloweza kuti chomera chimatenga madzi ndi carbon dioxide, dzuwa likawala n'kupanga shuga ndi okosijeni. N'zoona, koma kaphunzitsidwe kameneka kamabisa ngozi imene ili m'katimo. M'selo la ndere muli timakina ta mapuloteni ndi chlorophyll, ndipo kamodzi mwa timeneti, kotchedwa photosystem II, kamachita chinthu chovuta kwambiri: kamang'amba madzi. Kamazula ma elekitironi m'madzimo kuti akagwire ntchito yopanga shuga, ndipo chotsala chake ndi okosijeni. Ntchito imeneyi ndi yomwe inadzaza mlengalenga ndi okosijeni kuyambira zaka pafupifupi 2.4 biliyoni zapitazo, mpaka lero ali magawo 21 pa 100 alionse a mpweya umene timapuma. Amene anaiyambitsa ndi ma cyanobacteria, amene ife timangowawerengera pamodzi ndi ndere ngakhale kwenikweni ndi mabakiteriya, ndipo ndi omwewo amakonda kuyandama m'madamu athu.

Molekyu ya chlorophyll ikayamwa kuwala imakhala ndi mphamvu yochuluka imene siyenera kukhalitsa nayo. Zonse zikakhala bwino, mphamvuyo imadumphira kwa chlorophyll ina, kenako ina, mpaka kukafika pakatikati pa kamakina kaja, ndipo zonsezi zimachitika m'kanthawi kochepera gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a sekondi. Vuto limabwera kuwala kukachuluka kuposa mmene selo lingagwiritsire ntchito. Ndere zambiri za m'madzi zimakhuta ndi kuwala kosafika n'komwe gawo limodzi mwa magawo anayi a dzuwa la paliwombo. Koma chlorophyll ilibe chikope choti itsinzine. Imapitiriza kuyamwa, pomwe njira yopita ku shuga yadzaza kale. Mphamvu ikasowa kolowera, chlorophyll ina imagwera mumkhalidwe wina umene akatswiri amautcha triplet. Ikafika pamenepo imasunga mphamvuyo nthawi yotalika kuwirikiza masauzande ambiri, nthawi yokwanira kuti ikumane ndi okosijeni.

Pano m'pamene pagona nkhani yonse. Okosijeni wamba amene timapumayu ndi waulesi. Ma elekitironi ake awiri anakhala mwanjira yoti sagwirizana msanga ndi mafuta, mapuloteni kapena shuga, n'chifukwa chake matupi athu ndi mitengo sizingoyaka zokha ngakhale zazingidwa ndi mpweyawu. Kakhalidwe kake kachibadwako n'ka triplet, kofanana ndi ka chlorophyll yotsekeredwa ija, choncho ziwirizi zikagundana mphamvu imasamuka mosavuta. Chlorophyll imabwerera mwakale, koma okosijeni uja amasanduka singlet oxygen, ndipo ameneyu si waulesinso. Amagwira chilichonse chili pafupi. Hans Kautsky wa ku Germany ananena zimenezi mu 1931, koma anzake ambiri sanamukhulupirire mpaka m'zaka za m'ma 1960 pamene umboni unachuluka.

Singlet oxygen sakhalitsa. M'madzi amatha pakangopita magawo atatu kapena anayi mwa magawo 1 miliyoni a sekondi, ndipo m'kati mwa selo, mmene muli zambiri zogundana nazo, amatha msanga kuposa pamenepo. Sapita patali. Amene amavulala ndi oyandikana naye: chlorophyll yomwe yamubala, mapuloteni amene aigwirizira, ndi mafuta a timakoma ta m'selo. Mtundu wa chlorophyll umachokera m'kapangidwe kake. Ndi mkombero wa maatomu a kaboni ndi naitirojeni, pakati pali atomu imodzi ya magnesium, ndipo maatomuwo ndi olumikizana mosinthasintha, apa kamodzi apa kawiri, kuzungulira mkombero wonse. Kulumikizana kumeneko n'kumene kumayamwa kuwala kofiira ndi kwa buluu, n'kusiya kobiriwira kuti maso athu aone. Singlet oxygen amakonda kuluma malo olumikizana kawiriwo. Mkombero ukangoduka, molekyu siyamwanso kuwala, ndipo zidutswa zake zilibe mtundu. Kutuwa kumene timaona padamu ndi mikombero yodukayo, yosawerengeka.

Amayi ofutsa ndiwo anaiona nkhaniyi kalekale. Nkhwani kapena khwanya woyanikidwa pamphasa padzuwa lamtetete amauma ali wotuwa, pomwe woyanikidwa pamthunzi podutsa mphepo amasunga kubiriwira kwake. N'chifukwa chake alangizi a zakudya amati masamba a chamwamba aziumitsidwa pamthunzi: pamodzi ndi mtundu wobiriwira pamathanso carotene, amene thupi limapangira vitamini A. Tsamba lothyoledwa limasuluka msanga chifukwa silingathenso kudzikonza. Ndere zamoyo zimadzikonza, ndipo kukonzako n'kumene kumachititsa kuti nyanja isatuwe tsiku lililonse dzuwa likafika pamutu.

Pakatikati pa photosystem II pali puloteni yotchedwa D1, imene imalandira zilonda zambiri kuposa ina iliyonse. Selo silivutika n'kuiteteza mpaka kale. Ikawonongeka limaichotsa, limaiduladula, limapanga ina n'kuilowetsa pamalo pomwepo. Kuwala kukakhala kwamphamvu, D1 imasinthidwa pafupifupi theka la ola lililonse. Ndalama zake n'zambiri, chifukwa puloteni iliyonse imafuna naitirojeni ndi mphamvu, koma n'zotchipa poyerekeza ndi kutaya kamakina konse. Bola kukonza kukhale patsogolo pa kuwonongeka, ndere zimakhalabe zobiriwira ngakhale m'kati mukuchitika zonsezi. Kafukufuku wa akatswiri a ku Japan, Yoshitaka Nishiyama ndi Norio Murata, pa ma cyanobacteria anaonetsa kuti okosijeni wolusayu amamenyanso mbali yachiwiri: amachedwetsa makina amene amapanga D1 yatsopano. Ndiye kuti amawononga uku akutsekereza wokonza.

Zinthu zimachitika motsatana, ndipo ndondomeko yake ndi yofunika kuidziwa. Choyamba kufooka ndi ntchito yopanga chakudya. Bessel Kok analemba za kufooka kumeneku mu 1956, ndipo kumatchedwa photoinhibition. Kumayamba pakangopita mphindi zingapo dzuwa litakula, madzi akuonekabe biriwiri, ndipo dzuwa likapendeka ndere zimachira. Utoto umayamba kutha pambuyo pake, zoteteza zikatheratu. Ukayamba, zimafulumira, chifukwa chlorophyll imene yamasuka ku mapuloteni owonongeka imapitiriza kuyamwa kuwala popanda koperekera mphamvu, ndipo pafupifupi ntchito yake yokha imakhala kubala singlet oxygen wina. Diso likamadzaona kutuwa, maselo ambiri amakhala atafa kale.

Palinso njira yachiwiri imene okosijeni amalusira. Mu 1951 Alan Mehler anapeza kuti ma elekitironi akasowa kopita kumapeto kwa ulendo wawo, okosijeni amawalandira. Akalandira imodzi amasanduka superoxide, amene kenako amasanduka hydrogen peroxide, mankhwala omwe aja amachita thovu pachilonda. Hydrogen peroxide ikakumana ndi ayironi m'selo pamabadwa china cholusa koposa zonse, chotchedwa hydroxyl radical. Mankhwala opha udzu a paraquat amagwira ntchito motero: amaba ma elekitironi m'tsamba n'kuwapatsa okosijeni, n'chifukwa chake udzu wopoperedwa umapsa msanga padzuwa kusiyana ndi tsiku la mitambo.

Nanga ndere zimapulumuka bwanji? Yankho lalikulu ndi utoto wachikasu uja unasowa mwa mabakiteriya a Stanier. Ma carotenoid amakhala atagundana ndi chlorophyll m'mapuloteni otolera kuwala. Chlorophyll ikangolowa mu triplet, carotenoid imailanda mphamvuyo okosijeni asanafike, n'kuitaya ngati kutentha chabe. Singlet oxygen akapangika ndithu, carotenoid imathanso kumuzimitsa, ndipo Christopher Foote ndi Robert Denny anatsimikiza zimenezi mu 1968 pogwiritsa ntchito beta-carotene. Nthawi zambiri carotenoid imatuluka ili bwinobwino n'kubwerezanso ntchitoyo, koma mwa apo ndi apo nayo imalumidwa, kotero kuti dzuwa likapitirira kukula zotetezazi zimachepa pang'onopang'ono. Mitundu ina ya mankhwala opha udzu imaletsa chomera kupanga carotenoid, ndipo masamba atsopano amatuluka ali mbee. Sikuti mankhwalawo ndiwo ayeretsa tsamba. Angochotsa mlonda, zotsalazo achita ndi dzuwa ndi okosijeni.

Amene anasambirapo ndi magalasi ku Otter Point kapena pachilumba cha Thumbi anaona mbuna zikupala miyala, mutu pansi mchira mmwamba, n'kusiya timizere pamene zadutsa. Chimene zikupala si chobiriwira kwenikweni. Ndi choterera, chotuwira kukhofi, chifukwa muli ndere zambiri za mtundu wa diatom zosakanikirana ndi ma cyanobacteria, ndipo ma diatom ali ndi carotenoid yakeyake yotchedwa fucoxanthin imene imaphimba kubiriwira kwa chlorophyll. Ndere za pamwala sizingasunthe. Dzuwa likafika pamutu zimalilandira lonse kudzera m'madzi oyera, ndipo mafunde amasonkhanitsa kuwala n'kumakuponya pamwalapo mwa kung'anima. Ma diatom ali ndi njira yofulumira yothanirana ndi zimenezi. Kuwala kukakula, m'mphindi zochepa amasandutsa utoto wina wotchedwa diadinoxanthin kukhala diatoxanthin, umene umathandiza kutaya mphamvu yotsala isanafike popanga triplet. Mtambo ukaphimba dzuwa amaubwezera mwakale. Ndere zobiriwira ndi masamba a kumtunda zili ndi njira yofanana nayo yogwiritsa ntchito zeaxanthin, imene Barbara Demmig ndi anzake anaonetsa ntchito yake mu 1987. Mbuna zimene zinachititsa kuti Lake Malawi National Park ikhazikitsidwe mu 1980 ndi kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984 zimadalira kachinthu kakang'ono kameneka, kakuchitika pamwala uliwonse masana alionse.

Pali malo amodzi okha amene carotenoid singateteze mokwanira, ndipo ndi pakatikati penipeni pa photosystem II. Chlorophyll ya pamenepo, kuti ithe kuzula ma elekitironi m'madzi, imakhala ndi mphamvu yokoka yoopsa kwambiri moti carotenoid itayandikira nayonso ingazulidwe. Choncho beta-carotene wa pamenepo anaikidwa chapatali, ndipo sangalande triplet nthawi yake. Angathe kungogwirako singlet oxygen atapangika kale, mothandizidwa ndi vitamini E amene ali m'mafuta a pafupi. Ichi n'chifukwa chake D1 imafa kawirikawiri. Chilema chimenechi chinabwera limodzi ndi luso long'amba madzi, ndipo zaka mabiliyoni onsewa chilengedwe chinapeza njira yochisamalira osati yochichotsa.

Nkhaniyi tisaifupikitse kwambiri mpaka kunena kuti okosijeni ndi mdani basi. Njira ya Mehler ija, ikamayenda pamlingo wake, ndi populumukira. Selo lili ndi mapuloteni amene amagwira superoxide n'kumusandutsa hydrogen peroxide, ndipo ena, mothandizidwa ndi vitamini C, amasandutsa hydrogen peroxide kukhala madzi. Ma elekitironi ochokera m'madzi amabwereranso m'madzi, palibe shuga wapangika, koma njira yatseguka ndipo mphamvu yowonjezera yatayika bwino. Kozi Asada wa ku Japan ndiye anafotokoza kwambiri kuzungulira kumeneku. Komanso mukachotseratu okosijeni, photosystem II imaimabe kugwira ntchito pa kuwala kwamphamvu, ndipo cheza cha dzuwa chosaoneka ndi maso chotchedwa UV chimatha kuvulaza mbali yong'amba madzi popanda okosijeni kutengapo gawo. Chimene okosijeni amachita n'kusandutsa kufooka kotha kuchira kukhala chiwonongeko chooneka ndi maso.

Si kutuwa konse kumene kuli kusuluka kotereku. Ndere zikasowa naitirojeni zimaphwasula dala utoto wake kuti zipezemo chakudya, ndipo ma cyanobacteria amayamba ndi utoto wawo wa buluu wotchedwa phycocyanin. Zina zikazolowera dzuwa lambiri zimangochepetsa chlorophyll kuti zisamayamwe kuwala kosafunika, ndipo zimenezi zimakhala zathanzi ngakhale zikuoneka zoyezuka. Mzere woyera wa pamiyala ya m'mbali mwa nyanja nawonso uli ndi zambiri: ndere zouma, zigoba za ma diatom, ndi zotsalira za m'madzi amene aphwa.

Tibwerere kudamu, chifukwa kumeneko n'kumene nkhaniyi imakhudza thumba la munthu. Mu 1972 Aharon Abeliovich ndi Moshe Shilo a ku Jerusalem anaika ma cyanobacteria pa kuwala m'malo odzaza okosijeni. Anapeza kuti ankafa mofulumira pa zifukwa ziwiri: carbon dioxide akasowa kukutentha, kapena kukazizira kwambiri, pakati pa madigiri 4 ndi 15. Iwo ananena kuti mwina izi n'zimene zimachititsa kuti ndere zochuluka zife mwadzidzidzi m'nyengo yotentha. Tsono taonani damu la makumba kapena chilunguni lothiridwa manyowa ambiri masana a Okutobala. Ndere zachuluka, ndipo pofika masana zamaliza carbon dioxide wa m'madzi a pamwamba. Mphepo palibe yoti ivundule madzi. Madzi otentha a kuno, akakhala pamlingo wake, amasunga okosijeni pafupifupi mamiligalamu 7 pa lita, koma m'damu lobiriwira kwambiri masana amatha kuwirikiza kawiri ngakhale kuposa. Ma cyanobacteria monga Microcystis ndi Anabaena ali ndi timatumba ta mpweya m'maselo mwawo, ndipo pa bata amakwera n'kukaunjikana pamwamba penipeni, pamene dzuwa lili lonse. Kuwala kwachuluka, kopita mphamvu kulibe chifukwa carbon dioxide watha, okosijeni wadzaza tho. Zinthu zitatu zonse zofunika kuti singlet oxygen achuluke zakumana pa sentimita imodzi ya pamwamba. Timizere ta buluu tija ndi phycocyanin amene watayika kuchokera m'maselo ophulika.

Chotsatira chake chimapweteka. Ndere zakufa zimamira n'kuyamba kuwola, ndipo mabakiteriya owoletsa amamwa okosijeni usiku wonse pomwe zopanga wina zachepa. Damu limene masana linali ndi okosijeni wosefukira limafika mbandakucha lilibe. Mlimi amapeza nsomba zili kukamwa yasa pamwamba, zikumeza mpweya, zikuluzikulu n'zimene zimayamba kufa. Milamba imapirira chifukwa imatha kupuma mpweya wa kunja, koma chambo ndi makumba zilibe mwayi umenewo. Ine ndimaona kuti maphunziro ambiri a ulimi wa nsomba amafotokoza bwino za kusowa kwa okosijeni m'mawa, koma amadumpha za kuchuluka kwake masana, pomwe nthawi zina tsoka la m'mawa limayambira pamenepo. Mlimi amauzidwa kuti madzi obiriwira ndi chakudya, n'zoona, ndiye iye amawonjezera manyowa poganiza kuti akabiriwira kwambiri nsomba zinenepa kwambiri.

M'nyanja yaikulu zinthu zimayenda mosiyana chifukwa madzi sakhala malo amodzi. Pakati pa nyanja madzi ndi oyera moti mbale yoyera yomizidwa imaonekabe pa mamita opitirira 10, ndipo kuwala kumafika pansi ndithu. M'nyanja zoyera chonchi, ndere zoyandama sizigwira ntchito kwambiri pamwamba penipeni masana. Pamene zimapanga chakudya chochuluka ndi mamita angapo pansi, pomwe kuwala kwachepako. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera ukamawomba, madzi amavundulika, ndipo selo limodzi limatha kukwera kudzuwa n'kutsikanso kumthunzi tsiku lomwelo. Kutsikako ndi nthawi yokonza D1. Mwera womwewo umakankhira madzi a pamwamba kumpoto, ndipo kuno kum'mwera kumatumphuka madzi ozizira a pansi okhala ndi chakudya, n'chifukwa chake ma diatom amachuluka nyengo imeneyi ndipo mbali ino ya nyanja ndi yachonde pa nsomba. Nyengo ya bata ikafika, madzi a pamwamba amatentha n'kukhazikika, ma cyanobacteria amapeza mpata, ndipo Anabaena amatha kuoneka atayandama m'malo ena. Mitsinje ikamabweretsa dothi ndi feteleza wokokoloka m'minda ya m'mapiri odulidwa mitengo, magombe osaya ndi nyanja ya Malombe, imene kuya kwake ndi mamita ochepa chabe, zimayandikira khalidwe la damu lothiridwa manyowa ambiri lija. Zimenezi zimandidetsa nkhawa kwambiri kuposa dzuwa, chifukwa dzuwa ndere za m'nyanja yathu zinalizolowera kalekale.

Kunyanja ya mchere nkhani yomweyi ili ndi mbiri yomvetsa chisoni. Miyala yamoyo ya coral imasunga ndere ting'onoting'ono m'matupi mwake. Madzi akatentha digiri imodzi kapena awiri kuposa chizolowezi kwa milungu ingapo, kukonza kumatsalira m'mbuyo, ndipo malinga ndi kufotokoza kumene akatswiri ambiri amatsatira, okosijeni wolusa wochokera m'nderezo amachititsa kuti coral izilavule n'kutsala yoyera. Mu 1998 izi zinawononga coral yambiri m'nyanja ya Indian Ocean, kuphatikizapo magombe a Kenya ndi Tanzania.

Mphamvu yomweyi ingatithandizenso. Njira yoyeretsera madzi akumwa padzuwa, yotchedwa SODIS, imadalira kuwala ndi okosijeni kuti ziphe tizilombo toyambitsa matenda otsekula m'mimba. Madzi opanda matope amathiridwa m'botolo la pulasitiki loonekera mkati n'kugonekedwa padzuwa maola 6, kapena masiku awiri kukakhala mitambo, ndipo ofufuza anapeza kuti madzi okhala ndi okosijeni wambiri amayera msanga. N'chifukwa chake ena amalangiza kukhutchumula botolo lisanadzaze. M'boma lino la Mangochi, limene linavutika kwambiri ndi kolera mu 2022 ndi 2023, ndi nzeru yoyenera kuidziwa pa tsiku limene kolorini kapena nkhuni zasowa.

Kwa mlimi wa damu, zochita zake n'zapafupi ndipo sizifuna makina. Alangizi amaphunzitsa kumiza mkono m'madzi: chikhatho chikamazimiririka madzi atafika m'chigongono, kubiriwira kwakwana. Chikasowa madzi asanafike pamenepo, manyowa aime kaye. M'miyezi ya bata muyeso umenewu uzichitika kawirikawiri, osadikira kuti pamwamba pachite chikamba. Ndere zikayamba kuunjikana, kuvundula madzi ndi nsungwi kapena nthambi chakumasana kumathandiza pawiri: kumatsitsa maselo kuchoka padzuwa, komanso kumatulutsa okosijeni wosefukira n'kulowetsa carbon dioxide. Zoyandama zimene mphepo yaziunjika pangodya zingathe kuwoledwa n'kutayidwa kumtunda zisanawolere m'madzimo. Damu losaya kwambiri limatentha lonse ndipo ndere zimasowa mthunzi wothawirako, choncho mbali yakuya izifika mita imodzi kapena kuposerapo. Tsiku limene pamwamba paoneka potuwa, madeya achepetsedwe kapena asaperekedwe n'komwe, chifukwa nsomba zokhuta zimafuna okosijeni wambiri ndipo zotsala zimawonjezera zowola. Amene ali ndi ngalande yolowetsera madzi atsopano aitsekule madzulo omwewo, ndipo akayendere damu tambala asanalire kachiwiri, chifukwa okosijeni amatsika kwambiri kutatsala pang'ono kucha.